Kulipira wosamalira odwala pakhomo boma likakweza malipiro: njira ziti zimagwira

Pa 1 Januwale 2024 malipiro otsikitsitsa a wantchito wapakhomo m'Zambia anachoka pa K993.60 n'kufika pa K1,300 pamwezi, kutanthauza K1,100 ya basic ndi K200 ya thiransipoti. Lamuloli si la ochapa ndi osesa okha. Munthu wosamalira nkhalamba, wodwala kapena wolumala m'nyumba ya eni ake nayenso amawerengedwa ngati wantchito wapakhomo. Choncho nkhaniyi ikukhudza banja la ku Kapata m'Chipata lomwe linalemba mayi wosamalira agogo, ikukhudzanso kagulu ka ku Katete kapena ku Petauke komwe kamatumiza osamalira m'makomo n'kumalipiritsa mabanja pamwezi.

Malipirowa sakwera pang'onopang'ono ngati mtengo wa ufa. Mu 2012 anali K522.40 m'kwacha yatsopano, mu 2018 anafika pa K993.60, ndipo mu 2024 pa K1,300. Amakhala zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi osasuntha, kenako n'kudumpha kamodzi: ulendo woyambawo ndi 90 peresenti, wachiwiriwo ndi 31 peresenti. Amene anapangana mtengo ndi banja osaganizira kudumphaku ndiye amapezeka akulipira wantchito kuchokera m'thumba mwake, kapena akumudula mobisa. Musanasainirane pepala ndi aliyense, pitani ku ofesi ya Leba mukaone chiwerengero chomwe chikugwira ntchito tsikulo, kenako mubwereze masamu ali m'munsiwa.

K1,300 si mtengo wa wantchito

Wolemba ntchito amawonjezera 5 peresenti ya penshoni ya NAPSA, yomwe pa K1,300 ndi K65, ndi 1 peresenti ya basic ya inshuwaransi ya zaumoyo ya NHIMA, K11. Tafika pa K1,376. Wantchito ali ndi masiku awiri a livi pamwezi, ndipo ngati ndi mayi alinso ndi tsiku limodzi lopuma pamwezi lotchedwa Mother's Day. Wodwala sangasiyidwe yekha masiku atatuwa, pafunika wogwirizira. Tsiku limodzi ndi K1,100 kugawa ndi masiku 26 a ntchito pamwezi, pafupifupi K42, ndiye masiku atatu ndi K127. Mtengo wafika pa K1,503, tisanawerengere ndalama ya Workers' Compensation (thumba la chipukuta misozi cha ovulala pantchito), magolovesi, sopo, kapena yosungira tsiku lodzasiyana. Kumbali yake wantchito amadulidwa K65 ndi K11 yomweyo, n'kupita kunyumba ndi K1,224. PAYE, msonkho wa pa malipiro, siimufika chifukwa imayambira pamwamba pa K5,100.

K200 ya thiransipoti ndi ya amene amakhala kutali kuposa makilomita atatu kuchokera pantchito, pokhapokha ngati inu mumamunyamula. Mayi wokhala ku Nabvutika n'kumagwira ntchito mukomboni momwemo lamulo silimukakamizirani ndalamayi, komabe ife timati mupatseni ndithu. Munthu amene amatembenuza bambo anu usiku si womulanda K200.

Ngati ndinu kampani pali funso limodzi loti mulifunse ku Leba musanalembe mtengo uliwonse, ndipo yankho lake akulembereni papepala: antchito anu ali pansi pa lamulo la antchito apakhomo kapena la antchito wamba? Gulu lotsikitsitsa la antchito wamba mu 2024 linayamba kulandira K2,313.10, yomwe muli K1,487 ya basic, K446.10 ya nyumba, K200 ya thiransipoti ndi K180 ya chakudya chamasana. Kusiyana kwa K1,000 pa munthu mmodzi mwezi uliwonse kungagwetse bizinesi yaing'ono akakuuzani kuti mubweze za m'mbuyo. Masamu onse apa tawachita ndi K1,300.

Maola ndiwo amadya ndalama

K1,300 ija imagula maola 48 pasabata. Sabata ili ndi maola 168. Wodwala sitiroko amene sangadzuke yekha, wofunika kumutembenuza pa maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda, amafunika anthu atatu ndi theka kuti maola onse akwane popanda ovataimu. Mabanja ambiri amayamba kukambirana mtengo asanawerenge zimenezi, n'chifukwa chake pakatha miyezi iwiri pamabuka mkangano.

Ola limodzi mumalipeza pogawa basic ndi maola 208 a pamwezi, ndiye K5.29. Ovataimu ndi kamodzi ndi theka, K7.93. Pa holide ya boma, kapena Lamlungu lomwe si tsiku lake la ntchito, ndi kawiri, K10.58.

Njira yoyamba ndi ya munthu mmodzi wobwera m'mawa n'kuweruka madzulo, maola 8 kwa masiku 6. Imagwira bwino ngati pakhomo pali wachibale wolandira ntchito usiku, ndipo mtengo wake ndi K1,503 ija. Imawonongeka pang'onopang'ono pamene ana a odwala ayamba kufika mochedwa. Wantchito wolowa 06:00 n'kutuluka 18:00 wagwira maola 72 pasabata, 24 mwa iwo ndi ovataimu. Pamwezi ndi maola 104, omwe ndi K825. Malipiro ake oyenera ndi K2,125, osati K1,300. Ikani kope pafupi ndi bedi la odwala, alembemo nthawi yolowa ndi yotuluka, wapakhomo asaine. Tsiku lomwe nkhani idzafika ku Leba, kope limeneli ndilo lidzalankhule.

Njira yachiwiri ndi ya wogonera pomwepo. Papepala imaoneka yotchipa kwambiri, chifukwa K200 ya thiransipoti palibe ndipo munthu alipo usana ndi usiku. Koma nsima ndi chipinda sizilowa m'malo mwa malipiro, ndipo kugona m'nyumbamo sikusandutsa maola 168 kukhala 48. Imayenera kokha pamene odwala amagona usiku wonse ndipo amangofuna munthu wapafupi. Agogo amene ayamba kuiwala n'kumadzuka pakati pa usiku kufuna kupita kumunda, kapena wodwala wofunika kusinthidwa thewera katatu kusanache, adzamutopetsa wantchito pa milungu yochepa. Wotopa amaiwala mankhwala, amanyamula molakwika n'kudzipweteka msana, kenako amapita kumaliro kumudzi osabwerako. Mukasankha njirayi lembani maola ogwira ntchito, maola opuma masana, ndi tsiku lathunthu lomwe amachoka pakhomo. Ndipo musatenge mwana wa achibale kumudzi kuti mupulumutse ndalama. Kunyamula munthu wamkulu kupita naye kubafa si ntchito ya mwana wa sukulu.

Pa odwala ofunika maso usana ndi usiku, mpikisano weniweni uli pakati pa anthu awiri a maola 12 ndi anthu atatu a maola 8. Ambiri amaganiza kuti awiri ndiye otchipa, koma masamu amakana. Awiri pa K2,125 ndi K4,250. Atatu pa K1,300 ndi K3,900. Mukawonjezera NAPSA, NHIMA ndi ogwirizira livi, awiri aja afika pa K4,739 pomwe atatu ali pa K4,509, kusiyana pafupifupi K230. Chifukwa chake n'chakuti ola la munthu watsopano, thiransipoti ili momwemo, ndi K6.25, pomwe ola la ovataimu ndi K7.93. Njira zonse ziwiri zimafunabe wogwirizira tsiku lachisanu ndi chiwiri. Maola 24 pasabata ndi 104 pamwezi, ndipo ngati ndi waganyu lamulo limawonjezera 25 peresenti pa ola lake, ndiye K688.

Komabe sitinganene kuti atatu ndiye yankho paliponse. Kusinthana pa maola 8 kumagwera 22:00, nthawi yomwe mayi sangayende yekha kuchokera ku Kalongwezi kupita ku Mchini, ndipo njinga zonyamula anthu zasowa kale pamsewu. Mukayamba kulipira takisi usiku uliwonse, K230 ija yatha sabata isanathe. Antchito ambirinso amakonda K2,125 kuposa K1,300, ndipo nkhalamba imazolowera nkhope ziwiri msanga kuposa zitatu. Ife timasankha atatu pokhapokha onse akakhala mukomboni momwe muli odwala. Kwina konse awiri, koma ovataimu ilipidwe yonse.

Bwana ndi ndani

Banja likhoza kulemba lokha. Ndiyo njira yotchipa, koma ntchito yonse ya mapepala ndi yanu: kulembetsa ku NAPSA ndi NHIMA, kutumiza ndalama za NAPSA pofika pa 10 mwezi wotsatira, kupeza wogwirizira wantchito akadwala. Pangano lofika miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo liyenera kulembedwa, malinga ndi Employment Code Act ya 2019.

Kagulu kakhoza kungopezera banja munthu, kulandira ndalama kamodzi, n'kusiya banjalo likhale bwana. Boma likakweza malipiro kaguluko sikagwedezeka, koma ndalama yake imabwera kamodzi kokha, ndipo ntchito yopezera anthu ntchito imafuna chilolezo cha Labour Commissioner. Choipa ndi kuima pakati: kutolera ndalama ku banja mwezi uliwonse, kuuza wantchito koti apite ndi nthawi yake, kenako n'kumati si wantchito wanu koma waganyu. Lamulo la 2019 linaletsa kusandutsa ntchito yokhazikika kukhala pisiweki, ndipo amene amalamula ndi kulipira ndiye adzafunsidwe.

Njira yachitatu ndi yoti kampani ikhale bwana weniweni n'kumagulitsa chisamaliro. Apa ndi pomwe pali phindu lokhazikika, ndi pomwenso kukwera kwa malipiro kumaluma kwambiri.

Kulipiritsa: pamwezi, pa ulendo, kapena malipiro kuphatikiza chindapusa

Tiyerekeze kuti mu 2023 kampani inkalipiritsa K1,800 pamwezi pa wosamalira wa maola 8. Mtengo wa wantchito, powerengera monga tachitira pamwambapa, unali K1,149. Turnover tax, msonkho wa 4 peresenti pa ndalama yolowa, inali K72. Zotsala K579, zoti zilipire lendi, foni, woyendera makomo ndi mwini bizinesi. Januwale wa 2024 atafika mtengo wa wantchito unakhala K1,503, ndipo pa K1,800 yomweyo panatsala K225. Malipiro anakwera ndi 31 peresenti, phindu linagwa ndi 61 peresenti. Kuyambira 2025 msonkhowu uli pa 5 peresenti, ndiye pa K225 ija panachokanso K18.

Umu ndi momwe mtengo umodzi wa pamwezi ulili. Mabanja amaukonda chifukwa ana omwe ali ku Lusaka, ku Kitwe kapena ku Joni amadziwa choti asonkhe. Koma chiopsezo chonse chimakhala pamutu pa kampani: ovataimu, maholide, kukwera kwa malipiro. Musaugwiritse ntchito popanda mizere iwiri m'pangano. Woyamba unene maola omwe mtengowo ukugula ndi mtengo wa ola lowonjezera. Wachiwiri unene kuti boma likasintha malipiro otsikitsitsa, NAPSA, NHIMA kapena msonkho, mtengo usintha kuyambira tsiku lomwelo.

Kulipiritsa pa ulendo kumayenera odwala ofuna kusambitsidwa, kudyetsedwa ndi kumwetsedwa mankhwala m'mawa basi. Msampha wake uli pogawa. Wantchito woyendera makomo atatu, maola awiri pakhomo lililonse, amagulitsa maola 6 koma amalipidwa 8, chifukwa awiri athera panjira. Pamwezi ndi maola 156 ogulitsika, osati 208. K1,503 kugawa ndi 208 ndi K7.23, koma kugawa ndi 156 ndi K9.63, ndipo chachiwirichi ndiye mtengo woona wa ola, musanaikepo njinga yochoka khomo lina kupita lina. Khomo limodzi likachoka, mwina odwala agonekedwa ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete, maola ogulitsika atsika kufika pa 104 ndipo ola lafika pa K14.45 malipiro ali pomwepo. Njirayi imapindula makomo akakhala oyandikana, ulendo uliwonse ukakhala wosachepera maola awiri, ndipo banja likamalipira ulendo womwe laletsa m'mawa wa tsiku lomwelo. M'nyengo ya mvula onjezerani nthawi ya panjira.

Njira yomwe ife timaiona yolimba ndi yolemba bilu ya magawo awiri: mtengo wa wantchito wolembedwa mzere ndi mzere, ndi chindapusa cha kampani pachokha. Banja limaona K1,100, K200, K65, K11, K127, kenako chindapusa. Boma likasintha chiwerengero, gawo loyamba limasintha lokha ndipo palibe wokunenani kuti mwabera. Kuipa kwake n'kwakuti phindu lanu lili poyera, ndipo ena adzafunsa chomwe akulipirira. Yankho likhale ntchito yooneka: wogwirizira amene amafikadi tsiku lomwelo, munthu woyendera khomo sabata iliyonse kuona khungu la odwala ndi kope la mankhwala, mapepala a NAPSA oti wantchito angathe kuwaona. Ngati simuchita zimenezi banja lili ndi chifukwa chokudumphani n'kupangana ndi wantchito mwachindunji.

Pali cholakwa cha masamu chomwe chimabwera kawirikawiri. Munthu amaika 25 peresenti pamwamba pa K1,503, n'kupeza K1,879, ndiye amati phindu lake ndi 25 peresenti. Ayi. K376 pa K1,879 ndi 20 peresenti, ndipo msonkho wa 5 peresenti ukachoka yatsala K282, yomwe ndi 15 peresenti. Msonkho umadulidwa pa ndalama yonse yolowa, osati pa phindu.

Matewera, magolovesi, mafuta odzola ndi pulasitiki ya pabedi musazibise m'mtengo wa pamwezi. Mitengo yake imayenda ndi dola. Banja ligule lokha kapena lilipire malinga ndi lisiti. Jakisoni, kusintha kathetala ndi kutsuka chilonda chachikulu ndi ntchito ya nesi wolembetsedwa ku Nursing and Midwifery Council of Zambia, ndipo ikhale ndi mtengo wakewake.

Chilengezo chikatuluka

Kumeza zonse n'kusiya mtengo pomwepo taona kale komwe kumathera. Kungatheke mwezi umodzi pa banja lomwe mwakhala nalo nthawi yaitali, koma munene tsiku lomwe kudzathe.

Kuwonjezera K306 yokha yomwe boma lawonjezera kumaoneka kwachilungamo, koma kumaiwala kuti NAPSA, NHIMA, wogwirizira ndi msonkho zakweranso. Pa chitsanzo chija mtengo ukhala K2,106 ndipo phindu K519, mwataya K60 pakhomo lililonse mwezi uliwonse. Kuti K579 ija ibwerere yonse, pa msonkho wa 4 peresenti, mtengo unayenera kukhala K2,170. Kuti phindu likhalebe 32 peresenti ya mtengo monga kale, unayenera kufika cha pa K2,355. Pakati pa ziwirizi ife timati tengani K2,170 tsiku lomwe lamulo layamba, chifukwa mungaifotokoze ngwee ndi ngwee. Chindapusa chanu muchikweze panthawi ina, kamodzi pachaka, pang'onopang'ono. Kuphatikiza zonse ziwiri mwezi umodzi ndiko kumathamangitsa mabanja.

Chilengezo cha malipiro a 2024 chinabwera chaka cha 2023 chisanathe, ndiye nthawi youza mabanja inalipo ngakhale inali yochepa. Ambiri amazengereza chifukwa cha manyazi, poona kuti banja lili kale pamavuto a matenda. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lembani kalata sabata yomweyo, muonetse masamu, muitumize kwa amene amalipiradi, osati kwa agogo akazi omwe ali pakhomo.

Banja likati silingakwanitse, chepetsani maola, osati mtengo wa ola. Maola 8 akhoza kukhala 6, wachibale n'kutenga madzulo. Koma ntchito ichepedi, ndipo wantchito avomereze molemba. Kumuuza kuti malipiro atsika koma azichapabe zovala za banja lonse ndi kuphikira ana ndi kumubera. Kusiya kutumiza NAPSA kuti mupeze mpata n'koipa kuposa zonse, chifukwa K65 ija munamudula kale, ndipo ngongoleyo imabwera ndi chilango.

Pali chinthu chinanso chomwe chimachotsa antchito abwino mwakachetechete. Mayi amene mu 2023 ankalandira K1,300 chifukwa chodziwa kusamalira odwala ogona, mu Januwale 2024 anangopezeka akufanana ndi woyamba kumene. Lamulo silikukakamizani kumukwezera, koma iye adzaona. Njira yabwino ndi kumanga malipiro ngati makwerero: malipiro otsikitsitsa, kuphatikiza ndalama yakutiyakuti ya odwala ogona, yakutiyakuti ya usiku, yakutiyakuti ya chaka chilichonse chomwe wagwira. Pansi pakakwera makwerero onse amakwera, ndipo pabilu mumaonetsa chifukwa chomwe khomo la odwala ogona limalipira kuposa la agogo oyenda okha.

Ndalama ifike malipiro asanakwane

Phindu la papepala silithandiza ngati banja lalipira pa 20 mwezi wotsatira. Kuno ku Eastern ndalama ya mabanja ambiri imadikira kugulitsa chimanga, soya, mtedza kapena fodya, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi, pomwe fetereza ndi zofunika kusukulu zatenga zonse, ndi nthawi yomwe mabilu amachedwa kwambiri. Kukwera kwa 2024 kunagwera mu Januwale momwemo. Wantchito sangadikire zokolola za wina, ndipo kampani yokongola kaloba kuti ilipire malipiro yadya kale phindu la miyezi ingapo.

Lipiritsani mwezi usanayambe, kapena theka pa 1 ndi theka pa 15. Pangano lisainidwe ndi munthu mmodzi wotchulidwa dzina, ngakhale osonkha akhale asanu, kuti musamathamangitse achimwene ndi achemwali onse pafoni. Ndalama idutse pa Airtel Money, MTN MoMo kapena kubanki kuti pakhale umboni, ndipo munene amene alipire chindapusa chotumizira ndi chotapira, kuopa kuti chingagwere wantchito. Ndalama ya NAPSA, NHIMA ndi msonkho muipatule tsiku lomwe yalowa.

Pangano linenenso za tsiku lomwe odwala adzagonekedwe kuchipatala kapena adzatisiye. N'zovuta kuzitchula pamaso pa banja, koma kuzitchula pamaliro n'kovuta koposa. Lembani kuti odwala akagonekedwa wantchito azipita nawo kuchipatala kapena banja lilipira gawo lakuti kuti asungidwe, ndiponso kuti chisamaliro chikatha mwadzidzidzi ndalama ya masiku akuti siibwezedwa. Masiku amenewo ndi omwe amalipira wantchito pamene mukumufunira khomo lina, ndipo chiwerengero chake chigwirizane ndi notisi yomwe inuyo munalemba m'pangano lake la ntchito.